Mwala Wapamwamba

Pansi pa phiri la kuseri kwa Yofu pali phanga, ndipo m'phangamo wotchi siyenda. Ambiri anayesapo. Wotchi ya pamkono imaima munthu akangolowa, foni nayo imazima ngakhale ikhale yodzaza moto. Choipa kwambiri n'chakuti thupi nalo limaiwala. M'menemo munthu samva njala kapena ludzu, ndipo akhoza kugwira ntchito tsiku lonse n'kumayesa kuti wangofika kumene. Koma anthu amalowabe, chifukwa m'katimo muli ndowe za mileme, ndipo mchenga wa pa Likoma subereka chinangwa chooneka popanda manyowa.

Njira yolowera ndi imodzi yokha. Pakati pake pali malo opapatiza otchedwa Pakhosi, pamene munthu amadutsa chowerama, madzi ali m'mawondo. Madzi amenewo ali ndi nthawi yake. M'mawa amatsika, dzuwa likapendeka amayamba kukwera, ndipo likamalowa amakhala atafika kudenga. Wochedwa ayenera kubwerera m'kati, kukwera pa mwala wautali n'kudikira kuti kuche, ali chinyowere. Anyamata ena anapirirapo usiku wotere. Achikulire amene zinawagwera anatuluka atanyamulidwa.

N'chifukwa chake kuli mapasa. Ndi mwala umodzi wakuda, wosalala, waukulu ngati dzira la bakha, umene unagawika pakati kalekale. Chimene chibenthu chimodzi chikumva, chinzake chimamvanso, ngakhale zitalikirane. Wina amausiya pathanthwe padzuwa, winawo wolowa m'phanga amaumangirira pachifuwa. Dzuwa likamakwera mwala umafunda, masana umatentha, ndipo ukayamba kuzirala munthu amadziwa kuti nthawi yomanga matumba yakwana. Panali ena amene ankati zinthu zotere n'zosayenera Akhristu, koma wansembe wina wakale ataugwira anangonena kuti amene analenga dzuwa ndi yemweyo analenga miyala, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Mapasawa anali m'banja la a Basil, ndipo mlonda wa mwala wapamwamba anali akazi awo, mayi Agnes. Ntchito ya mlonda ndi kukhala chabe, koma ndi kukhala kotopetsa. Uyenera kuingitsa mbuzi ndi nkhuku. Suyenera kuuphimba mwalawo, kuufumbata, ngakhale kulola mthunzi wako kuugwera, pakuti mwala uyenera kumva dzuwa lokha. Mayi Agnes anayamba ntchitoyi ali mkwatibwi, ndipo tsopano imvi zinali mbuu. Nthawi zina ankawauza amuna awo kuti tsiku lina adzatuluka n'kupeza gulo pathanthwepo m'malo mwa mkazi. A Basil ankayankha kuti kugwedeza mutu ngati gulo anayamba kale, aliyense amawaona nthawi ya ulaliki.

M'mawa wa tsiku limenelo panalibe nthabwala. Unali mwezi wa Juni, mwera ukuomba, ndipo a Basil anachezera kutsokomola. Mayi Agnes anawapempha kuti asalowe. Anawakumbutsa kuti chifuwa chawo sichilinso cha mnyamata, ndiponso kuti mwana wawo Thandi analetsa kale pafoni. A Basil anati Thandi ali ku Mzuzu, sadya chinangwa cha m'munda uno, ndipo analonjeza kuti ulendo umenewu ndi womaliza chaka chino. Mawu amenewa mayi Agnes ankawamva chaka chilichonse. Iwonso anali asanagone bwino masiku angapo, chifukwa ankachezera kwa mnzawo mayi Marian, amene anabwerako kuchipatala ku Chipyela kuti akadikire tsiku lawo pakhomo.

Anakwera phiri atatu, pamodzi ndi a Yohane, mng'ono wawo wa a Basil. Pakhomo la phanga anagwada n'kupemphera monga mwa nthawi zonse, kuti amene asunga kulowa kwa munthu asungenso kutuluka kwake. Amuna awiriwo anayatsa matochi a pamutu n'kulowa. Mayi Agnes anaika mwala wapamwamba pathanthwe, n'kukhala pambali pamene mthunzi wawo sukanaufika.

Dzuwa litakwera ndithu, anaona munthu akubwera mothamanga m'kanjira ka m'minda. Anali Ana, mpongozi wa mayi Marian, mtsikana wa ku Cobue, kutsidya kwa nyanja, amene anakwatiwa pachilumbapa chaka chathachi. Mwamuna wake anali kunyanja ndi anzake a usipa, ndipo matenda onse anali pamutu pa iye. Anafika ali wefuwefu, nati apongozi ake asintha kapumidwe. Mayi Agnes anamuuza kuti sangachoke, akaitane amayi ena a mpingo, iwo abwera madzulo.

"Amayi, ena ndawaitana kale, ali kumunda," anatero Ana. "Koma iwo akutchula dzina lanu lokha. Akuti munapangana."

Zinali zoona. Ali atsikana m'kwaya, Agnes ndi Marian anapangana kuti amene adzatsogole, mnzake adzamuimbira mpaka atawoloka. Nthawi imeneyo ankanena akuseka. Mayi Agnes anayang'ana mwala, nayang'ana kumusi kumene denga la mnzawo linkaoneka pakati pa milambe. Anaganiza kuti dzuwa la pabwalo la Marian ndi lomweli la pathanthwe pano. Akaunyamula mwalawo pambale, osaugwira m'manja, n'kukauika poyera, palibe chimene chingasinthe. Anakhutula mtedza umene unali m'mbale yawo, naikamo mwala, natsika phiri atautambasula kutsogolo ngati wonyamula chopereka.

Pabwalo la mayi Marian anavundikira mtondo pakati penipeni, pamene panalibe mthunzi, n'kuika mbale pamwamba pake kuti mbuzi zisafikepo. Anatembenuka kuti amuuze Ana za mwalawo, koma m'nyumba munamveka mawu ofooka akuwaitana, ndipo analowa.

Mayi Marian anali atatha, koma maso anali omwe aja. "Mwabwera, a gulo a pathanthwe?" anatero. Mayi Agnes anayankha kuti abwera kudzaona ngati matendawa ndi enieni kapena ndi ulesi wothawa kupalira. Odwalayo anafuna kuseka, koma chifuwa chinakana. Kenaka anadandaula kuti akuzizidwa, mapazi ali ngati nsomba yongovuulidwa. Mayi Agnes anakhala pansi kumapazi kwa mphasa, nawatenga mapaziwo m'manja mwawo, nayamba kuimba chapansipansi nyimbo za madzulo zimene ankaimba ali ana. Pa ndime yachiwiri mayi Marian anatsegula diso limodzi n'kunena kuti mnzawoyo akutsikabe mawu pa malo omwe ankatsika kale, zaka zonsezi sanaphunzire.

Itatha nyimbo yoyamba mayi Agnes anasuzumira pakhomo. Mbale inali pamtondo, mwala uli padzuwa. Anabwerera n'kuyamba ina. M'nyumbamo munali bata, khoma linali lofunda kumsana, ndipo mpweya wa odwala unkakwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Mzimu unali wofuna ndithu, koma thupi linali litachezera masiku ambiri. Mawu a nyimbo anayamba kusokonekera, mutu unagwera pakhoma, ndipo anagona tulo tolemera.

Ana atalowa anawapeza ali mtulo, ndipo anawamvera chisoni, sanawadzutse. Apongozi ake anali kudandaulabe za mapazi. Kwawo ku Cobue, wodwala akazizidwa mapazi, amatenga mwala wosalala n'kuukwirira m'phulusa la moto, kenaka n'kuukulunga m'nsalu. Anatuluka kukafuna mwala wotero, ndipo maso ake anagwera pambale ya pamtondo. Za phanga anali atamvapo, koma mapasa anali asanawaonepo, pakuti si chinthu chimene eni ake amaonetsa wamba. Iye anangoona mwala wabwino umene mayi wachifundo wabwera nawo pambale ku nyumba ya matenda, ndipo anathokoza Mulungu chifukwa cha anansi oganizira ena. Anaufunditsa pamoto, naukulunga, nauika kumapazi. Mayi Marian anausa moyo n'kuleka kudandaula. Mwala ukayamba kuzirala, Ana ankaubwezera m'phulusa.

Mayi Agnes anadzidzimuka osadziwa kuti ali kuti. Kuwala kolowera pakhomo kunali kutasamukira kukhoma lina. Anadzuka mawondo akulira, natuluka panja. Mthunzi wa mlambe unali utadutsa pabwalo, ndipo mbale inali pamtondo yopanda kanthu. Anayang'ana pansi, kuseri kwa mtondo, ngakhale m'khola la nkhuku. Ana anawapeza akufufuza, nawauza mokondwa kuti mwala wawo uja wathandiza kwambiri, apongozi agona bwino kuposa masiku onse.

Mayi Agnes sanakalipe. Analowa m'nyumba, nagwada, napisa dzanja pansi pa bulangeti. Atamasula nsalu, mwala unawaotcha zala. Unali wotentha ngati masana a mwezi wa Okutobala. Pansi pa phiri, mwala wa pachifuwa cha a Basil unali kunena kuti dzuwa lili pamutu ndipo nthawi ilipo yambiri, pamene madzi a Pakhosi anali atayamba kale kukwera.

Mayi Marian anali maso. Iwo anabadwira pa Yofu, ndipo atauona mwalawo anauzindikira. Anayang'ana mnzawo, nayang'ana Ana amene anaima pakhomo osamvetsa.

"Tengani," anatero. "Mapazi angawa afika kale kumene ankapita. A Basil akadali ndi ulendo. Ndipo mwanayu musamudzudzule, wandichitira zabwino."

Panja mayi Agnes anamufotokozera Ana m'mawu ochepa. Mtsikanayo anagwira pakamwa, kenaka anathamangira mtsuko wa madzi kuti auponyemo mwalawo. Mayi Agnes anamugwira mkono. Anamuuza kuti mwala ukazizira kamodzin'kamodzi, a Basil adzayesa kuti usiku wawapeza, ndipo lamulo la m'phanga ndi lakuti usiku suyesa Pakhosi. Adzakwera pa mwala wautali uja kudikira m'mawa, ndipo ndi chifuwa chimenecho m'mawa sadzaufika. Ana anafunsa ngati angousiya padzuwa kuti uzirale wokha. Mayi Agnes anayang'ana kumwamba n'kupukusa mutu. Mwala umene wagona m'phulusa suzirala msanga, ndipo madzi sakanadikira.

Anatola mwala wamba wa pabwalo, umene unakhala padzuwa kuyambira m'mawa, nauika patsaya kuti amve m'mene tsiku lafikira. Unali wofunda pang'ono chabe. Kenaka anaviika nsonga ya chitenje m'madzi, naifinya, napukuta mwala wapamwamba kamodzi. Anadikira. Anauyandikiza patsaya lina, unali wootchabe. Anapukutanso, nadikiranso. Manja ankafuna kufulumira, ndipo ankachita kuwaletsa. Ana anagwada pambali atagwira chikho cha madzi, misozi ikugwera m'chikhomo. Mayi Agnes ankapemphera osatsegula pakamwa, kuti Ambuye amene anaika malire a usana ndi usiku asawerengere amuna awo tulo ta mkazi wawo. Anapitiriza chomwecho, kupukuta ndi kudikira, mpaka miyala iwiriyo inafanana pamasaya onse awiri.

Anaubwezera m'mbale. Asananyamuke anasuzumira m'nyumba. Mayi Marian anangokweza chala kuloza kuphiri. Mayi Agnes anapempha Ana kuti atsale akuwaimbira odwalawo m'malo mwawo. Ana anati nyimbo zimenezo kwawo amaimba mwa mtundu wina, ndipo akuopa kulakwitsa. Mayi Agnes anamuuza kuti aimbe momwe amaimbira kwawoko, apongozi ake akapeza cholakwa amuuza okha.

Phiri limene anatsika mosavuta m'mawa linali litatalika. Anapuma kangapo, mbale ili m'manja, akusamala kuti mthunzi wawo usaigwere. Atafika anaika mwala pamalo pake, napita pakhomo la phanga n'kutchera khutu. M'katimo munkamveka madzi akumenya miyala, phokoso limene pa nthawi ngati imeneyi ankalimva amuna awo ali kale panja akukung'untha zovala. Anaitana dzina lawo. Phanga linabweza mawu awo okha.

Anakhala pansi. Analibe choti alonjeze Mulungu, ndipo mphamvu zolira analibe. Anangoti, "Ambuye, ndatopa, Inu mukudziwa. Koma musanditengere munthuyu lero." Dzuwa linatsikira kumutu kwa mitengo. Mileme yoyamba inayamba kutuluka, kudutsa pamwamba pawo. Anaganiza za Thandi, ndi mawu amene adzayambe nawo pomuimbira foni, ndipo sanawapeze.

Kenaka m'mdima muja munaoneka kuwala kumodzi kukugwedezeka. Anatuluka a Yohane, atanyowa mpaka tsitsi, akukoka munthu ndi mkono. A Basil anatuluka chokwawa, opanda tochi, opanda thumba ngakhale limodzi. Anagwa chafufumimba pa udzu n'kusanza madzi, natsokomola nthawi yaitali. Mayi Agnes anavula chitenje chakunja n'kuwafunditsa. Powatembenuza anaona chilonda cha moto pachifuwa, chozungulira ngati dzira.

A Yohane atapeza mpweya anayamba kufunsa mwaukali kuti alamu awo anali kuti, ndipo mwala unatani. A Basil anakweza dzanja kuti akhale chete. Atapumula anafotokoza okha, mawu akudukaduka. Anati mwala unatentha moti sunatenthepo chibadwire chawo, mpaka anautulutsa kunja kwa malaya. Anasekerana kuti kunja Juni wasanduka Okutobala, ndipo a Yohane anati popeza nthawi ilipo, adzaze matumba ena. Anakumba, nakumba, masana osatha. Kenaka mwala unayamba kuzirala, koma osati monga umachitira masiku onse. Unkazizira pang'ono n'kuima, kuziziranso n'kuima.

"Ndinamuuza uyu kuti dzuwa silipukuta mwala," anatero a Basil. "Ndinati, awa ndi manja a amake Thandi, ndipo ngati akuchita kupukuta ndiye kuti zinthu zaipa. Taya zonse tizipita."

Pakhosi anapeza madzi ali m'chibwano. Anadutsa atagadamitsa nkhope, mphuno zikukhula denga, ndipo pakati pake a Basil anatsokomola n'kumwa madzi. A Yohane ndi amene anawagwira kolala.

Mayi Agnes anawauza zonse monga zinachitikira, za Marian, za mbale, za tulo, za Ana ndi phulusa. Sanachepetse kanthu. A Yohane anang'ung'udza kuti ntchito ya tsiku lonse yatsala m'madzi chifukwa cha mapazi a munthu mmodzi, koma atakumbukira kuti mapaziwo ndi a yani anachita manyazi, nayamba kufinya malaya awo. A Basil anangofunsa ngati Marian anafundidwa. Mayi Agnes anati anafundidwa, mpaka anagona. A Basil anati ndiye kuti mwalawo wagwirako ntchito ina yabwino lero, ngakhale kuti wolipira ndi chifuwa chawo.

Atakhala pang'ono, a Yohane anati matumba aja ali pamalo ouma kutsidya kwa Pakhosi, ndipo sabata yamawa akhoza kukawatenga ngati alamu angadzakhale pathanthwe, koma ulendo uno osachokapo. Mayi Agnes anayankha modekha kuti iwo sadzakhalanso. Anati si mkwiyo ndipo si mantha okha. Maso awo sangathenso kulonjeza kuti adzakhala otsegula tsiku lonse, ndipo sakufuna kuti munthu alowe pansi podalira lonjezo limene iwo sangalisunge.

"Atate a Thandi, ine ndalondera mokwanira," anatero. "Mukafuna kulowanso, mupeze mlonda wina. Koma ndikadakonda mukanakhala panja pano ndi ine."

A Basil anatembenuka. Anayang'ana pakhomo la phanga, pamene tsopano mileme inkatuluka yambirimbiri. Chifuwa chinawagwiranso, ndipo chitawasiya anakweza manja kukhosi kuti amasule chingwe cha mwala wapansi. Mfundo inali itanyowa, inakana. Mayi Agnes anawathandiza ndi mano. A Basil anaupereka mwalawo kwa mng'ono wawo, namuuza kuti akakambirane kaye ndi mkazi wake, amene angadzakhale mlonda, asanavomere, ndipo akamuuze zoona zake za thanthwe, asakamunamize kuti ndi kukhala chabe. A Yohane anaulandira ndi manja awiri, natolanso unzake wa m'mbale.

Anatsika pang'onopang'ono, a Basil ali pakati, mkono wina paphewa la mng'ono wawo, wina paphewa la akazi awo. Anali olemera kuposa m'mene ankaonekera. Atafika m'minda anamva mawu a Ana akuimba chapatali, ndi mawu ena a amayi amene anali atabwerako kumunda akumuthandiza. Inali nyimbo, sikunali kulira. A Basil anati akazi awo apite komweko, iwo afika kunyumba ndi Yohane. Mayi Agnes anati apita, koma ayambe aona munthu atavala zouma ndi kumwa tiyi, chifukwa a Yohane sadziwa ngakhale pamene pamakhala masamba a tiyiwo. A Yohane anati pamenepo alamu anena zoona.

Pa mlambe wa pamphambano a Basil anapempha kuti apume. Anakhala pamuzu onse atatu mpaka mpweya wawo unabwerera, ndipo anadzukanso.